Tsiku Losalembedwa Limabala Mlandu

Mlandu uwu umafika pabwalo la mfumu chaka ndi chaka, kaya ndi ku Mitande, ku Itepela kapena ku Etatara. Amene amasintha ndi eni ake okha. Mlimi wa fodya alemba ganyu mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo kuti azithyola ndi kusoka fodya, napangana kuti malipiro ndi a pa tsiku ndipo adzaperekedwa fodya akagulitsidwa. Ntchito iyamba mu Febuluwale, ndalama zifika mu Meyi kapena mu Juni. Pamenepo ndi pamene pamabuka nkhani.

"Amalume, ine ndidagwira masiku 31. Ngakhale tsiku la maliro lija ndidabwera chakumasana," atero mnyamata.

"Iwe mwana, kodi sabata idakugwira malungo ija waiwerengeranso? Kuno kwanga akukwana 24 basi," ayankha mlimi.

Mfumu ikafunsa umboni, mnyamata anena kuti ankalemba timizere ndi khala pakhoma la nyumba, koma mvula ya mu Malichi idafufuta. Mlimi naye anena kuti ankaponya njere ya chimanga m'chitini madzulo aliwonse, koma ana adavundukula chitinicho nkhuku n'kutola. Pakati pa awiriwa palibe wakuba. Aliyense akunena zimene mutu wake ukukumbukira. Mfumu, posowa pogwira, idula pakati niti alipire masiku 27, ndipo onse awiri achoka pabwalo ali ndwii, wina akuti wadyeredwa thukuta, wina akuti waberedwa masanasana. Chaka chotsatira mnyamata uja akapempha ganyu kwina, ndipo mlimi asowa womuthandiza fodya atacha m'munda.

Chodabwitsa n'chakuti mlandu uli m'kati, foni imalira m'thumba la mnyamata, kenaka ina m'thumba la mlimi. Mboni imene mfumu ikufuna ili pabwalo pomwepo, koma palibe amene adaipatsa ntchito.

Kale nthawi idali ndi alonda ake

Makolo ankadziwa kusunga nthawi. Tambala woyamba ankadzutsa wa paulendo, wachiwiri ankadzutsa wa kumunda. Dzuwa likafika paliwombo khasu linkapuma. Mayi woyembekezera ankawerenga miyezi poona mwezi kumwamba, ndipo munthu amene wapangana ndi mnzake tsiku lokumana ankamanga mfundo pa luzi, namasula imodzi m'mawa uliwonse. Ku Massangulo, kumene ansembe a Consolata adakhazikitsa mishoni mu 1928, belu lidaphunzitsa anthu ozungulira nthawi ya mapemphero ndi ya sukulu. M'midzi ya Asilamu, imene ndi yambiri ku Mandimba ndi ku Ngauma, kuitana kwa kumzikiti kumagawa tsiku kasanu mpaka lero. Pambuyo pake idabwera wailesi, imene imanena nthawi isanawerenge nkhani.

Zonsezi zinkakwanira pamene munthu adali ndi munda umodzi ndi ngongole imodzi ya mchere kwa mnansi wake. Lero banja limodzi likusenza masiku ambirimbiri. Pali tsiku lolandira mbewu ndi feteleza, tsiku la msika wa fodya kapena wa thonje, tsiku la sikelo ya mwana, tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala, tsiku loponya ndalama ku xitique, tsiku la msonkhano wa makolo kusukulu, kuwonjezapo masiku a aganyu awiri kapena atatu. Tambala sangasunge zonsezi. Mutu wa munthu nawonso uli ngati dengu lakale, zikuluzikulu zimatsalamo koma zing'onozing'ono zimagwera m'njira.

Antchito anayi ogona m'foni

Kuyambira pamene Movitel idayamba ntchito mu 2012 n'kuimika nsanja zake mpaka kumidzi, foni idasiya kukhala ya anthu a m'tauni okha. Ambiri amaigwiritsa ntchito poimba, pomvera wailesi, pounikira usiku, ndi polandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola. Koma ngakhale timafoni ta mabatani totchipa, ta itel kapena Tecno, tambiri tili ndi antchito ena anayi amene amangogona osatumidwa.

Woyamba ndi wotchi yolira, imene pa foni ya Chipwitikizi imalembedwa kuti Alarme. Munthu amaiuza ola, ndipo ikhoza kulira kamodzi kokha, tsiku lililonse, kapena masiku osankhidwa a pa sabata. Wachiwiri ndi kalendala, Calendário. Munthu amasankha tsiku la kutsogolo, ngakhale la miyezi isanu ikubwerayo, nalembapo mawu ochepa, ndipo tsikulo likakwana foni imalira n'kuonetsa mawu aja. Wachitatu ndi kabuku kolembamo, kamene kamatchedwa Notas kapena Memo. Wachinayi ndi chojambulira mawu, Gravador, chimene chimasunga mawu a munthu monga momwe wawalankhulira. Anayi onsewa sadya kirediti, safuna intaneti, ndipo amagwira ntchito ngakhale kudambo kumene netiweki siifika.

Amene ali ndi foni ya tachi ali ndi zoposa apa. Google Calendar imatha kubwereza chikumbutso mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse popanda kuchilembanso. Google Keep imasunga mndandanda wa ntchito, munthu n'kumachonga imene watsiriza. Foni ikalumikizidwa pa intaneti, zolembazo zimakasungidwanso ku akaunti ya Google ya mwini wake, kotero kuti foniyo ikabedwa kapena ikagwera m'chitsime, zimabwerera pa foni yatsopano, bola mwini wake akhale akukumbukira mawu ake achinsinsi.

M'maofesi akuluakulu a m'mizinda anthu amagawana ntchito pa mapulogalamu monga Trello ndi Todoist, ndipo ena monga Toggl amawerenga mphindi zimene wantchito wathera pa ntchito iliyonse kuti alipidwe moyenera. Mlimi wa ku Itepela sakusowa zimenezo. Nzeru yake ndi yomwe ija ya njere m'chitini, kungoti izi nkhuku sizingatole.

Pa ganyu, onse awiri amve

Kulemba kwa munthu mmodzi yekha sikuthetsa mlandu, chifukwa winayo adzati udalemba wekha kumbali. Chofunika n'chakuti chiwerengero chikhale kwa onse awiri. Madzulo poweruka, waganyu atumize uthenga waufupi ku foni ya womulemba ntchito, monga wakuti: "Lero Lachitatu pa 12, ndasoka fodya tsiku lonse. Masiku akwana 6." Womulembayo ayankhe liwu limodzi lokha: "Ndavomera." Uthenga uliwonse umasunga wokha tsiku ndi ola limene wafika, ndipo umakhala m'mafoni awiri. Wina akafufuta wake, wa mnzake ulipo.

Kirediti ikavuta, kapena ngati wina mwa iwo sadziwa kulemba, awiriwo aime pamodzi pa chigafa, atsegule chojambulira mawu, aliyense anene tsiku ndi chiwerengero ndi pakamwa pake. Foni siisankha chilankhulo. Imasunga Chinyanja, Chiyao ndi Chimakua chimodzimodzi. Amene ali pa WhatsApp angatumizirane mawu ojambulawo kuti akhale mbali zonse ziwiri. Sikofunika kuchita zimenezi tsiku lililonse ngati n'kovuta. Kamodzi pa sabata n'kokwanira, chifukwa masiku 7 mutu umakumbukira, pamene miyezi inayi suungathe.

Tsiku loyamba ndiye lofunika koposa. Pa tsikulo panenedwe mtengo wake, kaya ndi wa pa tsiku, wa ndime kapena wa mizere. Panenedwe ngati nsima ya masana ili m'kati mwa malipiro kapena ayi, ndiponso momwe theka la tsiku lidzawerengedwere, popeza maliro ndi mvula sizipempha chilolezo. Milandu yambiri ya ganyu imachokera pa timasiku ta theka timeneti.

Alipo amene amachita manyazi, amati kulemba n'kusakhulupirirana, makamaka ngati waganyu ndi mwana wa mlongo wako. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Manyazi a mphindi imodzi mu Febuluwale ndi opepuka kusiyana ndi kusapatsana moni kuyambira mu Juni mpaka chaka chimathe.

Njira yomweyi imathandiza pa ngongole ya pa golosale ndi pa xitique, imene a kutsidya la Malawi amati chipereganyu. Mndandanda wa olandira ukalembedwa pa tsiku loyamba n'kutumizidwa kwa mamembala onse, palibe amene angadzuke mwezi wachinayi n'kunena kuti ulendo uno ndi wake.

Alimi a fodya amene amalima pa mgwirizano ndi Mozambique Leaf Tobacco, ndi a thonje a ku Cuamba amene amagulitsa ku SAN ya gulu la João Ferreira dos Santos, amalandira zipangizo pa ngongole imene imadulidwa pogulitsa. Kampani imalemba zonse m'mabuku ake, monga mwa ntchito yake. Mlimi naye akhale ndi buku lake. Alembe tsiku limene walandira, matumba angati, mankhwala angati, ndipo ngati foni yake ili ndi kamera ajambule pepala limene wasaina. Tsiku la msika sadzadabwa ndi ndalama zodulidwa, chifukwa adzakhala ataziwerengera kale kunyumba.

Munda ndi ziweto zili ndi masiku ake

M'mera mpoyamba. Mbande za fodya zimakhala pa nazale masabata pafupifupi 8 mpaka 10 zisanaokedwe. Mlimi amene wafesa pa 15 Sepitembala ayembekezere kuoka pakati pa 10 ndi 24 Novembala. Akalemba masiku awiriwo pa kalendala ya foni tsiku lomwe wafesa, adziwa kuti mizere iyenera kukhala itatha Novembala asanafike, ndipo ayamba kufuna aganyu mu Okutobala anzake asanawalande. Amene sadalembe amazindikira mbande zitatalika pa nazale munda usanakonzedwe.

Chimanga chimafuna feteleza wachiwiri, wa urea, pakapita masabata atatu kapena anayi chimerereni. Nthawi imeneyo ndi yomwe ntchito imachuluka, udzu uli tho m'munda, fodya akufuna kupalira, ana akudwala malungo. Thumba limene lidagulidwa ndi ndalama zovuta limakathiridwa mochedwa, chimanga chitachita kale chikasu. Mlangizi wa zaulimi akanena tsiku loyenera m'dera lakelo, mlimi alilembe nthawi yomweyo mlangiziyo asanakwere njinga yake.

Nkhuku imakhalira mazira masiku 21. Ikayamba pa 3 Juni, anapiye ayembekezeredwe pa 24 Juni, ndipo mwini wake akhale atakonza poti awatetezere kwa mphamba. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu, masiku pafupifupi 150. Ikakweredwa kumayambiriro kwa Malichi, idzaswa chakumapeto kwa Julayi, nthawi ya chisanu, ndipo wodziwa tsikulo saigulitsa mwangozi kwa a nyama kapena kuisiya igone kuthengo. Katemera wa chitopa wodonthezera m'diso la nkhuku amafunika miyezi inayi iliyonse, ndipo m'Mozambique muno adakhazikitsa miyezi ya Malichi, Julayi ndi Novembala. Mayi amene walemba miyezi itatuyo amakafunsa yekha kwa wotemera, sadikira kuti amve nkhuku za mnansi zayamba kuodzera.

Pa mankhwala, ola ndi moyo

Pamene wotchi yolira imagwira ntchito yaikulu koposa ndi pa mankhwala. Coartem wa malungo amamwedwa maulendo 6 m'masiku atatu. Ulendo wachiwiri umabwera pakapita maola 8 chimwereni koyamba, kenaka m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira. Mwana akazizira thupi pa tsiku lachiwiri n'kuyamba kusewera, makolo ambiri amaiwala mapiritsi otsalawo, ndipo malungo amabwerera. Mayi akamachoka pa zenera la mankhwala, apemphe namwino amuuze maola ake, awaike pa foni asanatuluke pa chipata.

Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa tsiku lililonse, kawirikawiri kwa miyezi yosachepera 6. Otalikitsa moyo amamwedwa tsiku lililonse moyo wonse. Jakisoni wolera wa miyezi itatu amafuna kubwerera tsiku lake lisanapitirire. Katemera wa chikuku amadikira kuti mwana akwanitse miyezi 9, ndipo pofika nthawiyo makolo ena amakhala atasiya kale kupita ku sikelo. Masiku onsewa amalembedwa pa khadi la kuchipatala, koma khadi limagona m'chikwama pansi pa bedi ndipo silingaitane munthu. Foni imaitana.

Magulu a GAAC, amene adayambira ku Tete mu 2008, adaonetsa kuti anthu osapitirira 6 akhoza kusinthana ulendo wokatengerana mankhwala otalikitsa moyo, kuti aliyense asamayende mtunda mwezi ndi mwezi. Gulu lotere limalimba ngati aliyense akudziwa mwezi wake, ndipo mmodzi akaiwala, asanu amagona osamwa. Kalendala ya foni ndi yoyenera pamenepa.

Chenjezo lilipo limodzi. Kumudzi foni imabwerekedwa, imasiyidwa kotchajitsa, imaseweretsedwa ndi ana. Amene safuna kuti matenda ake kapena kulera kwake kudziwike asalembe dzina la mankhwala. Alembe liwu limene akulidziwa yekha, monga "tiyi" kapena "nazale". Foni ikalira pagulu, anthu aziti akukumbutsidwa za kudimba.

Misampha ya kumalire

Foni imakumbukira zimene mwini wake waiuza, zolondola ndi zolakwika zomwe. Kumalire kuno, kumene munthu amaganiza m'Chinyanja koma mapepala ake ali m'Chipwitikizi, pali misampha inayi imene yagwetsa anthu ambiri.

Woyamba ndi wa mayina a masiku. M'Chipwitikizi Lolemba ndi segunda-feira, kutanthauza tsiku lachiwiri. Koma Lachiwiri la m'Chinyanja ndi tsiku lotsatira, limene iwo amati terça-feira, lachitatu. Masiku onse a pakati pa sabata amasemphana chomwecho. Quinta-feira imamveka ngati Lachisanu, chonsecho ndi Lachinayi. Lachisanu lenileni, tsiku la Ijuma, ndi sexta-feira. Mayi akauzidwa kuchipatala kuti abwere quinta-feira, mwana wake wa sukulu n'kumumasulira kuti quinta ndi chachisanu, amayenda mtunda wonse Lachisanu mwana ali kumsana, n'kukauzidwa kuti tsiku lake lidali dzulo. Pa kalendala ya foni mayinawa amafupikitsidwa, ndipo Qua ndi Qui, kapena Seg ndi Sex, amasiyana ndi chilembo chimodzi chokha. Mankhwala ake ndi kufunsa nambala ya tsiku ndi mwezi. Pa 14 Ogasiti ndi pa 14 Ogasiti m'chilankhulo chilichonse.

Wachiwiri ndi wa maola. Ku ofesi ndi pa wailesi ya Chipwitikizi amati 14 horas, kumudzi amati 2 koloko masana. Foni ina imawerenga maola mpaka 12 kawiri pa tsiku, n'kumaika timalembo AM ndi PM pambali. Munthu wofuna kudzuka 4 koloko m'bandakucha kuti akapeze sitima ya ku Nampula pa Cuamba akasokoneza timalemboto, wotchi yake idzalira 4 koloko madzulo sitima ili kale kutali. N'kwabwino kuika foni pa maola 24, kuti 04:00 ndi 16:00 zisafanane. Chosavuta n'chakuti Mozambique ndi Malawi ali ndi nthawi imodzi, choncho wodutsa pa Chiponde kapena pa Nayuchi sasintha wotchi yake.

Wachitatu ndi wa batire. Timafoni tambiri ta mabatani, batire ikachotsedwa kukatchajitsa kapena posintha khadi la Movitel kuika la Vodacom, timaiwala tsiku n'kubwerera pa 1 Januwale wa chaka chakale. Zikatero kalendala imakhala chete pa tsiku limene imayenera kulira, ndipo wotchi imalira pakati pa usiku. Batire ikabwezeredwa, chinthu choyamba n'kuona tsiku ndi ola, n'kuzilinganiza ndi wailesi. Mafoni amene ali ndi malo oti nthawi izibwera yokha kuchokera ku netiweki aikidwe pamenepo.

Wachinayi ndi wodalira foni yokha. Foni imathima, imabedwa pamsika, imanyowa pooloka mtsinje. Zimene zili m'kafoni ka mabatani zimapita nako limodzi. N'chifukwa chake kope la sukulu la masamba ochepa silinathe ntchito. Kamodzi pa sabata, kaya pochokera kutchalitchi kapena kumzikiti, masiku a ganyu, ngongole ndi masiku a kuchipatala akoperedwe m'kope, kopelo lisungidwe m'pepala la pulasitiki poti chiswe sichifika. Mwana wa kalasi yachisanu angagwire ntchito imeneyi bwino lomwe, ndipo masamu ake amakhwimirapo.

Kodi tsiku limathera kuti?

Kusunga masiku a kutsogolo ndi mbali imodzi. Mbali ina ndi kudziwa kumene maola adzulo adapita. Anthu ambiri amati nthawi ikuchepa, koma akafunsidwa kuti idathera pati sayankha. Njira yodziwira ndi yapafupi. Kwa masiku 7 okha, munthu alembe m'kabuku ka m'foni ola limene wayamba ntchito iliyonse ndi limene watsiriza.

Wa njinga yamoto amene amanyamula anthu pakati pa Mandimba ndi chipata cha malire akalemba maulendo ake, mafuta amene wathira ndi maola amene wakhala pa siteji osapeza munthu, adzaona yekha masiku ndi maola amene amamupatsa ndalama, ndi amene akadachita bwino kukhala kumunda. Wogulitsa nyemba amene wamva kuti mtengo wakwera ku Cuamba, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera pa Mandimba, awerengere pamodzi ndi ndalama za chapa, za katundu, za chakudya ndi za kogona, ndiponso masiku awiri amene munda wake udzagona. Nthawi zina phindu limatsala, nthawi zina limathera pa msewu. Wolemba ndiye amadziwa.

M'banja namo njirayi imatsegula maso. Bambo ndi mayi akalemba maola awo sabata imodzi, padzaoneka a kumunda amene amapita limodzi, ndipo padzaonekanso a kumjigo, a kunkhuni, a kuchigayo, a pamoto ndi a pa mzere wa kuchipatala, amene kawirikawiri amagwera mayi ndi ana aakazi. Bambo amene amati akazi ake amangokhala akaona maolawo atalembedwa, mwina adzakankha yekha njinga kupita kuchigayo, ndipo mtsikana adzafika kusukulu belu lisanalire.

Foni nayonso ndi mbala ya nthawi. Mafoni ambiri a Android ali ndi malo otchedwa Bem-estar digital, amene amaonetsa maola amene mwini wake wathera pa Facebook, TikTok kapena WhatsApp tsiku limenelo. Achinyamata amene amadandaula kuti dimba lawakanika chifukwa chosowa nthawi ayambe atsegula pamenepo. Malo omwewo amalola kuika malire, kuti pulogalamu itsekeke yokha maola ake akakwana.

Ntchito zitatu, osati makumi awiri

Amene angoidziwa kumene wotchi yolira amagwa m'chiyeso choika zikumbutso paliponse. Foni imalira m'mawa, imalira masana, imalira pa maliro, mpaka mwini wake amazolowera kuitseka osaona n'komwe chimene ikunena. Galu wouwa usiku wonse sadzutsa munthu mbala ikabwera. Kulira kusungidwire zinthu zimene zikaphonyedwa sizibwereranso, monga mankhwala, katemera, feteleza, msika ndi ulendo. Ntchito zina zonse zilembedwe pa mndandanda, ndipo madzulo aliwonse munthu asankhepo zitatu zokha za mawa, yovuta kwambiri ikhale yoyamba dzuwa lisanatenthe. Zitatu zikatha, tsikulo lapindula. Zikakhala makumi awiri, munthu amagona ndi mtima wolemera ngakhale atagwira ntchito tsiku lonse.

Pomaliza, foni siigwira khasu. Ikalira 5 koloko mwini wake n'kuitseka, n'kufundanso bulangete, udzu sudikira. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Foni imangochotsa chifukwa chimodzi chokha, chija chakuti ndidaiwala, ndipo zotsalazo zili m'manja mwa mwini munda.

Awerengi a tsamba lino amene ali ndi foni m'thumba ayambe ndi zinthu ziwiri madzulo ano. Aone ngati tsiku ndi ola zili zolondola, ndipo atenge khadi la sikelo la mwana kapena pepala la ngongole ya feteleza, alembe tsiku limodzi pa kalendala. Amene sadziwa polowera afunse mdzukulu, si zamanyazi. Ndipo mlimi amene alembe waganyu nyengo ikubwerayi akhale naye pansi tsiku loyamba, apangane, ajambule mawu. Mfumu ikadzafunsa umboni, aliyense adzangopisa dzanja m'thumba. Koma nthawi zambiri anthu olemba masiku awo safika n'komwe pabwalo.